Funso la nyama likugwera amene ali ndi mwayi wosankha

Mwezi wa Januwale uliwonse ku Britain kumabuka mkangano umodzimodzi, ndipo umayamba ndi kampeni ya Veganuary imene inakhazikitsidwa mu 2014 pofuna kulimbikitsa anthu kuti ayese kutha mwezi wathunthu osadya nyama, nsomba, mazira, mkaka kapena china chilichonse chochokera ku nyama. Masitolo akuluakulu amadzaza mashelefu ndi zakudya zolembedwa kuti vegan, manyuzipepala amalemba za ubwino wake, kenaka mbali ina imayankha mwaukali kuti zonsezi ndi zochita za anthu opeza bwino amene sanagonepo ndi njala. Ife Amalawi okhala kuno timakonda kuima ndi mbali yachiwiriyi, ndipo chifukwa chathu n'chomveka, pakuti ambiri a ife tinakula tikudya chisoso, bonongwe ndi mfutso osati chifukwa chomvera chisoni mbuzi, koma chifukwa m'nyumba munalibe ndalama. Munthu wotere ukamuuza kuti kudya masamba okhaokha ndi ukoma, amaona ngati ukumunyoza. Ine ndikuona kuti mawu akuti kukana nyama ndi mwayi wa olemera ali ndi choonadi chachikulu, koma choonadicho sichikutipulumutsa ife amene tsopano tili ndi mwayiwo, m'malo mwake chikutiloza chala.

Gulu la ma vegan limeneli silinayambire m'malesitilanti odula a ku London. Bungwe la Vegan Society linakhazikitsidwa mu Novembala 1944, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, ndipo amene anatsogolera anali Donald Watson, mphunzitsi wa ukalipentala amene ankakhala ku Leicester, munthu amene anakana kupita kunkhondo chifukwa cha chikumbumtima chake. Iye ankanena kuti chimene chinamusintha ndi kuona nkhumba ikuphedwa pa famu ya amalume ake ali mwana. Nthawi imeneyo boma la Britain linkagawa chakudya mochita kuyeza, ndipo nyama inapitirira kugulitsidwa mwa muyeso mpaka 1954, kotero anthu oyambirirawa sankasankha pakati pa zinthu zambiri zokoma. Chinthu china chimene otsutsa ndi ochirikiza omwe amakonda kuiwala ndi chakuti tanthauzo limene bungweli limagwiritsa ntchito limanena zopewa kuzunza ndi kudyera masuku pamutu nyama pamlingo umene munthu angathe ndiponso umene ungatheke pa moyo wake. Mawu amenewa ndi ofunika kwambiri, chifukwa akuvomereza kuti anthu sali pa mlingo umodzi. Pofika mu Januwale 2020, bwalo loweruza nkhani za apantchito ku Norwich linagamula pa mlandu wa Jordi Casamitjana kuti kukana zinthu zochokera ku nyama chifukwa cha chikumbumtima ndi chikhulupiriro chotetezedwa ndi lamulo la Equality Act la 2010.

Tisanafike pa za ndalama, ndi bwino tiyang'ane kaye chimene anthuwa akudandaula nacho, chifukwa ambiri amene timawaseka sitinachiyang'anepo bwinobwino. Chaka chilichonse padziko lonse pamaphedwa nyama zapamtunda zoposa 80 biliyoni kuti zidyedwe, ndipo zoposa 70 biliyoni mwa zimenezi ndi nkhuku. Ku Britain kokha nkhuku zophedwa pachaka zimapitirira 1 biliyoni. Nkhuku zimenezi si zija zapakhomo zoyendayenda kuseri kwa nkhokwe, kupalasa pa dzala ndi kufungatira anapiye ake kabawi akadutsa. Ndi nkhuku zoyera zimene zimaphedwa zili ndi masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, zitakhala moyo wake wonse m'khola limodzi ndi zinzake masauzande ambirimbiri, zikupondaponda zitosi zake. Akatswiri a pa University of Alberta ku Canada anayerekeza mtundu wa nkhuku wa 1957 ndi wa 2005, kuzidyetsa chakudya chofanana, ndipo patatha masiku 56 yakaleyo inkalemera magalamu pafupifupi 900 pamene yatsopanoyo inapitirira makilogalamu 4. Thupi likakula mofulumira chotero, miyendo ndi mtima zimatsalira m'mbuyo, ndipo n'chifukwa chake nkhuku zambiri zotere zimatsimphina, zimakhalira kugona chifufumimba, zina n'kufa mwadzidzidzi tsiku lophedwa lisanakwane. Aliyense amene anawetapo nkhuku zoyera ku Area 25 kapena ku Chirimba anaziona zimenezi ndi maso ake, ngakhale kuti mwina anangoziwerengera ngati kuluza kwa bizinesi.

Anthu ambiri amadabwa kuti mazira ndi mkaka zalakwa chiyani, popeza palibe magazi amene akhetsedwa. Yankho lake lili m'mene malondawa amayendera. Pa nkhuku zoikira mazira, anapiye aamuna alibe ntchito chifukwa saikira ndiponso sanenepa msanga, kotero amaphedwa tsiku lomwe aswedwa, ndipo chiwerengero chawo padziko lonse chimafika mabiliyoni angapo pachaka. Dziko la Germany linaletsa mchitidwewu kuyambira mu Januwale 2022. Ng'ombe nayo siitulutsa mkaka isanabereke, choncho imaberekedwetsa chaka ndi chaka, ndipo m'mafamu ambiri mwana wake amachotsedwa patangopita maola kapena masiku ochepa kuti mkaka upite ku malonda. Funso limene Jeremy Bentham, katswiri wa maganizo ozama wa ku England, anafunsa mu 1789 lidakali pomwepo, lakuti nkhani siyakuti nyama zimaganiza kapena zimalankhula, koma ngati zimamva kuwawa. Nyumba ya malamulo ya ku Britain inavomereza m'lamulo la 2022 kuti nyama za msana zimamva, ndipo inaphatikizaponso nkhanu ndi chamoyo cha m'nyanja chotchedwa octopus. Kwa ife zimenezi si zachilendo. Pa Miyambo 12:10 pamati wolungama amasamalira moyo wa chiweto chake, ndipo aliyense amene anagwirapo miyendo ya mbuzi ikuphedwa pa maliro kapena pa chinkhoswe amadziwa kuti kulira kwake si phokoso wamba.

Kumudzi nyama inkadyedwa ndi anthu amene anaiona ili moyo. Nkhuku yophera mlendo inkathamangitsidwa ndi ana, n'kuperekedwa kwa mlendoyo kuti aione isanaphedwe, ndipo aliyense ankadziwa kuti banjalo lataya kanthu kamtengo pofuna kumulemekeza. Pa zochitika zambiri amaitana Msilamu kuti ndiye azinge mbuzi, n'cholinga choti aliyense adye nawo, ndipo kuphako kumakhala ndi mwambo ndi mawu ake. Sindikunena kuti mbuzi yophedwa mwamwambo siimva mpeni, koma kuti imfa yake imakhala ndi kulemera kumene aliyense akukuona, ndipo imachitika mwa apo ndi apo. Chimene mafakitale achita ndi kuchotsa kulemerako pamaso pathu. Ntchafu za nkhuku zokutidwa m'pulasitiki zimafika pa shelefu zopanda nthenga, zopanda mutu, zotsika mtengo kuposa zipatso zina, ndipo munthu atha kuzidya tsiku lililonse kwa zaka makumi angapo osaganizapo ngakhale kamodzi kuti zinachokera kuti.

Tsono za ndalama. Ofufuza a ku Oxford motsogozedwa ndi Marco Springmann anafalitsa mu 2021 kafukufuku woyerekeza mitengo ya zakudya m'maiko 150, ndipo anapeza kuti m'maiko olemera kudya zomera zokhazokha kungachepetse ndalama zogulira chakudya ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Izi sizodabwitsa kwa aliyense amene amagula yekha ndiwo, chifukwa nyemba, mphodza, nandolo, mpunga, kabichi ndi mbatata ndi zina mwa zinthu zotsika mtengo kwambiri m'sitolo iliyonse. Zodula ndi masoseji ndi tchizi zopangidwa mofanizira, zimene makampani amazitsatsa kwambiri chifukwa ndi mmene muli phindu, ndipo ndi zimene zachititsa kuti gulu lonseli lizioneka ngati la anthu a m'mayadi. Ku America, kafukufuku wa Gallup wa 2018 anapeza kuti anthu opeza ndalama zochepa ndi amene ankanena kwambiri kuti sadya nyama poyerekeza ndi opeza zambiri.

Komabe mtengo wa pa shelefu si nkhani yonse, ndipo apa ndi pamene otsutsa akunena zoona. Nyemba zouma zimafuna kuviikidwa, zimafuna moto wa nthawi yaitali, ndipo moto kuno ndi magetsi kapena gasi amene amalipiridwa. Mayi amene wagwira ntchito usiku wonse yosamalira okalamba, n'kufika kunyumba m'mawa kuti akonzekeretse ana kusukulu, m'chipinda chalendi chimene khitchini yake amagawana ndi mabanja ena, sangathe kuchita zimene amachita munthu wogwira ntchito pa kompyuta ali kunyumba kwake. Sangayesenso chakudya chatsopano chimene ana angachikane, chifukwa chakudya chikatayidwa palibe ndalama yogulira china. Bungwe la Trussell Trust linagawa maphukusi a chakudya chadzidzidzi oposa 3 miliyoni m'chaka cha 2023 mpaka 2024, ndipo munthu amene waima pa mzere umenewo amalandira chimene chilipo. Palinso nkhani ya vitamini B12, amene sapezeka mokwanira m'zomera, moti a zaumoyo kuno amalangiza osadya za nyama kuti azimwa mapiritsi kapena kudya zakudya zimene vitaminiyu anachita kuthiramo. Kudziwa zimenezi, kukhala ndi kogula, kukhala ndi nthawi ndi mtendere wa mumtima woti uganizire za mawa, zonsezi ndi chuma ngakhale sizioneka pa lisiti. Mwayi weniweni pa nkhaniyi si kukhala ndi ndalama zogulira masamba, koma kukhala ndi mphamvu zokana chakudya china uli wotsimikiza kuti china chilipo.

Kafukufuku wa ku Oxford yemwe uja anapezanso kuti m'maiko osauka kadyedwe kopatsa thanzi n'kodula kuposa kamene anthu akudya panopa. Pamene gulu la akatswiri la EAT-Lancet linatulutsa mu 2019 ndondomeko ya kadyedwe kabwino kwa anthu ndi chilengedwe, kokhala ndi nyama yochepa koma ndiwo zamasamba, zipatso ndi mtedza wambiri, ofufuza ena anawerengera n'kupeza kuti anthu osachepera 1.58 biliyoni sangakakwanitse ngakhale atawononga ndalama zonse zimene amapeza, ndipo ambiri mwa iwo ali ku Africa kum'mwera kwa Sahara ndi kum'mwera kwa Asia. Apa ndi pamene dziko lathu likulowa m'nkhaniyi mosakakamiza. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ku Malawi anali opinimbira. Mbale ya nsima yaikulu ndi kandiwo ka masamba pambali si chimene madokotala a ku Europe amatanthauza akamayamikira kudya zomera. Ndi chakudya chokhutitsa mimba koma chosowa zambiri zomanga thupi la mwana, ndipo n'chifukwa chake kusikelo amayi amaphunzitsidwa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, limodzi mwa maguluwo n'kukhala la zochokera ku nyama. Kamulu ka bonya kapena usipa wosinja wothira m'phala, dzira limodzi, ngumbi za nthawi ya mvula zoyamba, mbewa za m'chilimwe, zimenezi ndi zimene zimabweretsa kashiamu, ayironi ndi B12 m'nyumba imene mulibe mapiritsi.

Pali kafukufuku wina amene ndimaona kuti amatiphunzitsa kusamala polankhula. Ku Ecuador anapatsa makanda dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kupinimbira kunatsika ndi 47 peresenti. Atabwereza zomwezo ku Mangochi pa ana 660, sanapeze kusiyana pa msinkhu wa anawo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anatchula n'chakuti ana a m'mbali mwa nyanja ankadya kale nsomba kawirikawiri. Phunziro limene ine ndimatengapo n'lakuti kachakudya kochepa kochokera ku nyama kamachita zazikulu pamene panalibe chilichonse, koma kuonjezera pamwamba pa zimene zilipo kale sikubweretsa phindu lofanana. Mwana wa ku Dowa amene sanalawe dzira mwezi wonse ndi bambo wa ku Manchester amene amadya nyama katatu patsiku sali pa funso limodzi, ngakhale onse akutchedwa odya nyama. Tiwonjezerepo kuti mbuzi ya kumudzi si ndiwo chabe, ndi banki ya banja, imene imagulitsidwa mwana akafuna fizi kapena matenda akagwa, ndipo manyowa ake amapita kumunda pamene feteleza wakwera mtengo.

N'chifukwa chake ndimakhumudwa ndi ena mwa ochirikiza gululi akamalankhula ngati kuti msodzi wa ku Nkhotakota kapena woweta ng'ombe wa ku Chikwawa ali ndi mlandu wofanana ndi kampani yoweta nkhuku mamiliyoni. Ndimakhumudwanso kwambiri akamayerekeza kuweta nyama ndi ukapolo kapena ndi kuphedwa kwa Ayuda, monga linachitira bungwe lomenyera ufulu wa nyama la PETA pa kampeni yake ya 2003 yokhudza kuphedwa kwa Ayudako. Anthu amene makolo awo anagulitsidwa pa misika ndi kutchedwa nyama ali ndi chifukwa chokwanira chokanira fanizo limenelo, ndipo amene amaligwiritsa ntchito amathamangitsa anthu omwe akanamvetsa nkhani ya nkhanza mosavuta.

Koma chimene chimandivutitsa kwambiri ndi ife amene tili ndi malipiro a pamwezi, firiji ndi sitolo pafupi, tikamatenga umphawi wa abale athu n'kuuika patsogolo ngati chishango. Wina akatifunsa za nkhuku imene ili m'mbale yathu, timayankha za mwana wopinimbira wa kumudzi, ngati kuti ntchafu imene tikudyayo ikukafika m'mimba mwake. Siikufikako. Kunena kuti kusankha ndi mwayi ndi kuvomereza kuti amene ali ndi mwayiwo ndi amene ayenera kuyankha, ndipo ameneyo ndi ine ndi inu amene mukuwerenga izi pa foni muli ku Leeds, ku Johannesburg kapena ku Area 47. Komanso nyama yotsika mtengo si mphatso kwa osauka monga timaganizira, chifukwa pali osauka ena amene amalipira mtengo wake. Ntchito yopha ndi kudula nyama m'mafakitale a ku Europe ndi America imagwiridwa kwambiri ndi anthu obwera, pa malipiro otsika, m'zipinda zozizira, manja akubwereza kachitidwe kamodzi tsiku lonse. Mu Juni 2020, pa fakitale imodzi yophera nkhumba m'dera la Gütersloh ku Germany, antchito oposa 1,500 anapezeka ndi COVID-19, ambiri mwa iwo ochokera ku Romania, Bulgaria ndi Poland. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linawerengera mu 2013 kuti ziweto zimatulutsa 14.5 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko umene umachokera ku zochita za anthu, ndipo kafukufuku wa Joseph Poore ndi Thomas Nemecek wa 2018 anapeza kuti ziweto zimatenga 83 peresenti ya malo olima padziko lonse koma zimapereka 18 peresenti yokha ya mphamvu zimene anthu amapeza m'chakudya. Nyengo ikasokonekera, amene minda yawo imakokoloka, monga tinaonera ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, si amene anadya nyama yambiriyo.

Si zoonanso kuti kukana nyama mwadala ndi chinthu cha azungu okha. Akhristu a mpingo wa Orthodox ku Ethiopia amasala nyama, mkaka ndi mazira masiku pafupifupi 180 pachaka, ndipo apanga ndiwo zokoma za mphodza ndi nandolo zimene aliyense amazisirira. Ma Rasta ali ndi kadyedwe kawo kopewa nyama ka ital, ndipo a Seventh-day Adventist, amene mishoni yawo ya Malamulo ku Thyolo inayamba mu 1902, akhala akuphunzitsa za kuchepetsa nyama kwa mibadwo ingapo. Ngakhale m'makhitchini mwathu muli luso limene timalipeputsa chifukwa tinaligwirizanitsa ndi kusowa. Nkhwani wotendera, khwanya, chigwada chosinja bwino ndi nsinjiro, nandolo wa ku Chiradzulu, kalongonda, bowa wa nthawi ya dzinja ndi chipere ndi zakudya zimene munthu angadye monyadira, ndipo nyama ya soya, imene ophunzira a m'masukulu ogonera komweko amaidziwa bwino, imapangidwa ndi mbewu imene alimi a ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe amalima. Padziko lonse pafupifupi magawo atatu mwa anayi a soya amadyetsedwa ziweto, kotero amene amati osadya nyama ndiwo akutha nkhalango za ku Brazil chifukwa cha soya akuloza munthu wolakwika.

Ine sindine vegan, ndipo sindikhulupirira kuti kupha nyama kuti udye n'kulakwa pa nthawi iliyonse ndi pa malo alionse. Chimene ndakhutira nacho n'chakuti kuzunza chamoyo moyo wake wonse pofuna kuti nyama itsike mtengo, pamene wodyayo ali ndi zina zoti n'kudya, sikungatetezedwe ndi chifukwa chilichonse chimene ndachimvapo. Choncho kunyumba kwathu nkhuku za m'fakitale tinasiya kugula, nyama timadya pa zochitika monga ankachitira makolo, ndipo masiku ambiri mphika umakhala wa nyemba, masamba otendera kapena nsomba zazing'ono. Ndikapita kumudzi n'kundiphera nkhuku ndimadya ndi kuthokoza, chifukwa kukana pamenepo kungakhale kunyoza anthu amene apereka chinthu chamtengo kuposa chilichonse chimene ine ndabwera nacho.

Funsoli likubwera kwathu mofulumira kuposa mmene ambiri tikuganizira. M'matauni a Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu nkhuku zoyera zalowa m'malo mwa zachikuda pa maukwati, m'malesitilanti ndi pa ziwaya za m'mbali mwa msewu, ndipo makola a mawaya osanjikiza a nkhuku zoikira, a mtundu umene European Union inaletsa mu 2012, akufalikira m'maiko ambiri a mu Africa ngati chizindikiro cha ulimi wamakono. Dziko limene ana ake ambiri akupinimbira likufunikadi mazira ochuluka ndi otsika mtengo, ndipo sindingaime panjira ya zimenezo. Koma tili ndi mpata umene Britain analibe, woona kumene msewuwu ukupita tisanaumalize, n'kusankha kuchulukitsa nkhuku za mikolongwe ndi zachikuda m'manja mwa alimi ang'onoang'ono, kuonetsetsa kuti katemera wa chitopa akufika m'midzi, ndi kuika malire pa kuchuluka kwa nkhuku m'khola mabizinesi akuluakulu asanazike mizu. Pali zinanso zimene sizifuna ndalama ya boma, monga kuleka kupachika nkhuku chadodolido pa njinga kuchokera ku Mitundu mpaka m'tauni dzuwa likuswa mtengo, kapena kumanga mbuzi miyendo yonse pa kaliyala tsiku lathunthu popanda madzi. Bungwe loteteza nyama la LSPCA ku Lilongwe lakhala likulankhula za kanyamulidwe kameneka kwa zaka zambiri, ndipo wogula amene angakane nkhuku yofika ili wefuwefu ndi miyendo yotupa angasinthe khalidwe la wogulitsa mofulumira kuposa wapolisi wa pa rodibuloko.